TILI PAKHONDE: Otumidwa Akabwerako, Mau Ao Amapita Kuti?

Mwezi wa Juni kuno ku mapiri a Dedza ulibe chifundo. Nkhungu imayamba kutsika m'phiri dzuŵa lisanaloŵe, ndipo aliyense amene ali ndi nkhuni amasonkha moto msanga. Madzulo ena otere adandichezera mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene atatsiriza maphunziro ake ku Bunda adapita ku Norway kukaonjezera nzeru za ulimi, nakhalako zaka ziŵiri. Tidakhala pafupi ndi mbaula tikuotcha mbatata ya kachewere, wailesi ikudzilankhulira pa windo. Mwadzidzidzi woulutsa mau adatchula za bungwe lofufuza limene anthu ena ankapempha kuti boma likhazikitse, ndipo ine, osaganiza nkomwe, ndidangoti, "Wafa ndaninso?"

Mphwangayo adandiyang'ana nati, "Atsibweni, mwadziŵa bwanji kuti pali maliro? Munthuyu sadatchule maliro ai."

Ndidamuyankha kuti ndakalamba ndikumva za mabungwe ameneŵa, ndipo kaŵirikaŵiri amafika pambuyo pa adzukulu, manda atakwiriridwa kale. Iye adaseka pang'ono, kenaka adandiphunzitsa liu limodzi la chinenero cha ku Norway limene landisautsa maganizo kufikira lero. Nkhani yathu ya mwezi uno yachokera pa liu limenelo.

Liulo ndi utvalg. Lilime langa lokalamba limalephera kulitchula bwino, limangoti "utivaligi", koma tanthauzo lake ndidaligwira. Mbali yoyamba, ut, ndiye kuti kunja; mbali yachiŵiri, valg, ndiye kuti chisankho. Tsono utvalg ndi zinthu kapena anthu amene atapidwa pakati pa ambiri. Mwini sitolo akayala nsalu zamitundumitundu kuti wogula asankhepo, amatchula liu lomwelo. Boma likapatula anthu angapo kuti akalingalire nkhani yovuta ndi kubwera nalo yankho, gululonso ndi utvalg. Zimene amalemba akatsiriza ntchito amazitcha utredning, liu lochokera ku mneni wonena za kumasula chinthu chopiringizika, monga amachitira mai ndi ulusi umene mwana wausokoneza. Kuyambira chaka cha 1972 malipoti otere amasindikizidwa mu mndandanda umodzi wotchedwa Norges offentlige utredninger, mwachidule NOU, lililonse ndi chaka chake ndi nambala yake. Liu lapakatilo, offentlige, litanthauza za poyera, za anthu onse.

Mphwanga adandifotokozera mayendedwe ake motere. Boma limalembera osankhidwawo funso limene ayenera kuyankha, ndi tsiku loti adzabwere ndi yankholo. M'gulumo mumakhala akatswiri a ku yunivesite, akuluakulu a m'maofesi a boma, ndipo nthaŵi zambiri oimira antchito pamodzi ndi oimira olemba antchito. Akasiyana maganizo, mau a ochepawo safufutidwa ai, amasindikizidwa m'lipoti lomwelo pambali pa mau a ambiri. Lipoti likatuluka limatumizidwa ku chimene amati høring, ndiko kumva, ndipo kwa miyezi itatu kaŵirikaŵiri, mabungwe, mipingo, makhonsolo, ngakhale munthu wamba, angathe kulemba maganizo ake, nawonso nkuikidwa poyera. Pambuyo pake mpomwe boma limalemba lamulo loti likakambidwe ku Nyumba ya Malamulo yao, imene amaitcha Storting.

Koma chimene chidandidabwitsa koposa nchakuti ambiri mwa mabungwe aoŵa saitanidwa chifukwa choti kwagwa tsoka. Amaitanidwa pa nkhani za penshoni, misonkho, sukulu, nsomba, zipatala, zinthu zisanaonongeke. Mafuta adapezeka pansi pa nyanja yao m'chaka cha 1969. M'chaka cha 1983 utvalg wina wotsogoleredwa ndi Hermod Skånland adalangiza kuti pakhale thumba losungiramo ndalama za mafutawo, kuti zisamadyedwe zonse pomwe zaloŵera. Lamulo lokhazikitsa thumbalo lidapangidwa mu 1990, ndalama zoyamba zidaikidwamo mu 1996, ndipo lero ndi limodzi mwa matumba aakulu koposa pa dziko lonse lapansi. Onani kuti pakati pa uphungu ndi ndalama yoyamba padapita zaka 13. Nawonso sathamanga. Koma pepalalo silidataike pa njira.

Nanga kwathu kuno? Malamulo aakulu a dziko lathu amapatsa Pulezidenti mphamvu yokhazikitsa bungwe lofufuza nkhani iliyonse yokhudza anthu. Bungwelo lingathe kuitana mboni, kuzilumbiritsa ndi kuitanitsa makalata. Komatu si khoti. Silingamange munthu, silingapereke chilango, silingasinthe lamulo. Ntchito yake ndi kupeza chimene chidachitika, kunena chifukwa chake, ndi kulangiza zoyenera kuchita. Likamaliza limapereka lipoti kwa yemwe adalituma. Makolo athu ankazidziŵa zimenezi asanaone pepala. Anthu aŵiri akakangana pa malire a munda, a mfumu sankaŵeruza ali pakhomo, koma ankatuma nduna zao kukaona pamene padali chitsa chakale kapena mtengo wa malire. Ndunazo sizinkagamula mlandu kumundako. Zinkabwerera ku bwalo ndi kunena zimene zaona, mudzi wonse ukumva, eni mlandu ali pomwepo. Nduna imene ikadanong'oneza a mfumu okha m'khutu, anthu akadaiyesa yodya chiphuphu.

Mbiri ya dziko lathu ili ndi mabungwe otere ambiri, ndipo ndi bwino kuti achinyamata aŵadziŵe. John Chilembwe ataukira boma la atsamunda mu Januwale 1915, Bwanamkubwa adakhazikitsa bungwe lofufuza chifukwa chake. Onse okhala m'bungwemo anali Azungu. Komabe Aafirika angapo adaima pamaso pao napereka umboni, pakati pao abusa Harry Matecheta ndi Stephen Kundecha a ku Blantyre Mission, amene adadzozedwa mu 1911. Mboni zidanena za thangata, za nkhanza za m'minda ya Azungu, za msonkho, ndi za chipongwe chokakamiza munthu wamkulu kuvula chipewa nthaŵi zonse akakumana ndi Mzungu, pamene Mzunguyo sabwezera ulemu. Lipoti lidatuluka mu 1916 lili lalifupi. Lidavomera kuti ku minda ya Bruce ku Magomero antchito ankazunzidwa, koma mlandu waukulu lidausenzetsa maphunziro ndi mipingo ina, ndipo thangata adapitirira mpaka m'zaka zoyandikira ufulu. Umboni weniweni wa mbonizo udagona m'nkhokwe za makalata zaka zana limodzi, kufikira mu 2015 pamene katswiri wa mbiri John McCracken adausindikiza m'buku lotchedwa Voices from the Chilembwe Rising. Akulu adati mlandu suola, ndipo nzoona. Koma amene adavula zipewa aja sadakhale ndi moyo kuti amve mau ao akuŵerengedwa.

Bungwe la 1959 lidali losiyana. Pa 3 Malichi chaka chimenecho, tsiku limene timakumbukira ofera dziko, Bwanamkubwa Sir Robert Armitage adalengeza kuti dziko lili pa ngozi, ponena kuti atsogoleri a Congress adapangana chiŵembu chopha Azungu, Amwenye ndi Aafirika ogwirizana ndi boma. Anthu oposa 1,000 adatsekeredwa, Dr. Banda adatengedwa kupita ku ndende ya ku Gwelo, ndipo anthu pafupifupi 50 adaphedwa. Boma la Britain lidatuma woŵeruza Patrick Devlin ndi anzake atatu, poyembekeza kuti adzalitsuka. Iwo adayenda m'dziko muno milungu ingapo namva mboni mazanamazana, napitanso ku Southern Rhodesia kukalankhula ndi omangidwa. Mu Julayi adatulutsa lipoti lonena kuti ngakhale mau a ziwawa adalankhulidwadi pa msonkhano wina wa Congress, ndipo boma lidali ndi chifukwa chochitirapo kanthu, chiŵembu chokonzedwa bwino chopha anthu monga boma linkanenera sadachipeze. Adalembanso kuti asilikali ndi apolisi adamenya anthu ndi kutentha nyumba mosatsata lamulo, kuti pafupifupi Aafirika onse ankadana ndi chitaganya, ndi kuti Nyasaland idasanduka, ngakhale kwa kanthaŵi, dziko lolamulidwa ndi apolisi. Ku Nkhata Bay adaŵerenga ophedwa 20, pamene anthu akumeneko amati adaposa pamenepo. Sadaiŵale ngakhale madandaulo a malimidwe, aja a mizere ndi migula yokakamiza, amene agogo athu a m'mapiri muno ankalipira nawo faindi kaŵirikaŵiri.

Boma la Britain lidakwiya. Lidakonza msangamsanga yankho la Bwanamkubwa, nkulitulutsa pamodzi ndi lipotilo, ndipo lidakana mbali zonse zolidzudzula. Munthu akadati ntchito ya Devlin yapita pachabe. Koma lipotilo lidali litasindikizidwa kale. Aphungu otsutsa adali nalo m'manja, manyuzipepala adali nalo, mipingo ya ku Scotland imene idali italankhulapo kale za omangidwa idali nalo. Mu Okutobala Iain Macleod adakhala nduna yoona za maiko olamulidwa ndi Britain, ndipo pa 1 Epulo 1960 Dr. Banda adatulutsidwa. Chaka chomwecho bungwe lina, la Monckton, lidavomereza kuti chitaganya sichingapitirire monga chidaliri, ndipo pa 31 Disembala 1963 chidatha. Sindikunena kuti lipoti ndilo lidabweretsa ufulu. Ufulu adaumenyera ndi anthu. Ndikunena kuti lipoti lokanidwa ndi mwini wake, koma loŵerengedwa ndi anthu, lidagwira ntchito kuposa la 1916 lija limene mwini wake adalilandira, umboni nkutsekeredwa.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ife a ku Dedza sitingaikambe ndi mtima wozizira. Mu Meyi 1983 wailesi idatiuza kuti nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa ku Chikwawa a David Chiwanga, adafa pa ngozi ya galimoto ku Thambani m'boma la Mwanza. A Sangala, nduna ya za umoyo, anali akwathu kuno. Inu achinyamata simungamvetse msanga m'mene zinthu zidaliri masiku amenewo. Nthaŵi imeneyo nkuti ndikuphunzitsa, ndipo m'chipinda cha aphunzitsi tidamva nkhaniyo, aliyense adayang'ana m'kapu yake ya tiyi. Panalibe wofunsa kuti nduna zitatu zinkafuna chiyani m'galimoto imodzi pa mseu wa kumalire. Tonse tinkakayika, koma kukayika kudali kwa mumtima, pakuti ngakhale kwa mnzako wa pa benchi imodzi m'tchalitchi sunkadziŵa kuti mau ako akagona kuti. Tidakhala nawo mwala umenewo pa chifuwa zaka 11.

Mu 1994, boma litasintha, Pulezidenti Bakili Muluzi adakhazikitsa bungwe lofufuza lotsogoleredwa ndi woŵeruza Mtegha. Apolisi amene adakhala chete zaka zonsezo adayamba kulankhula. Mu Januwale 1995 lipoti lidatuluka, ndipo lidanena poyera kuti panalibe ngozi: anthu anaiwo adagwidwa ku Zomba akuchokera ku Nyumba ya Malamulo, adatengedwa kupita ku Thambani, naphedwa ndi apolisi pa 18 Meyi, ndipo mitembo yao idaikidwa m'galimoto kuti zioneke ngati ngozi. Lipotilo litatuluka, Dr. Banda adatsekeredwa m'nyumba yao, ndipo a John Tembo ndi ena adamangidwa. Kuno nkhaniyo idaŵaŵa kaŵiri, pakuti wophedwa mmodzi anali wakwathu, ndipo mmodzi wa oimbidwa mlandu analinso wakwathu. Mabanja ena adaleka kupatsana moto chifukwa cha nkhani imeneyi.

Mu Disembala 1995 khoti lidapeza oimbidwa mlanduwo osalakwa, ndipo mu 1997 khoti lalikulu la apilo lidatsimikiza chigamulocho. Ambiri adakhumudwa nati, "Nanga bungwe lija lidapindulanji?" Apa mpofunika kusiyanitsa zinthu ziŵiri. Bungwe lofufuza limayankha funso lakuti chidachitika nchiyani. Khoti limayankha funso lina, lakuti kodi pali umboni wosakayikitsa woti munthu uyu, woima apayu, ndiye adalamula. Pofika 1995 mkulu wa apolisi wa nthaŵi ya imfazo ndi mlembi wamkulu wa boma anali atamwalira kale, ndipo unyolo wa umboni udaduka pamenepo. Zaka 11 zakukhala chete zidadya mboni. Komabe chinthu chimodzi sichidabwerere m'mbuyo: kuyambira Januwale 1995 palibe mphunzitsi angaimirire pamaso pa ana nkunena kuti a Sangala ndi anzao adafa pa ngozi. Kwa amasiye ndi ana a anthu anai aja, chimenechi sichidali chaching'ono.

Nditafika pamenepa mphwanga adandikumbutsa chinthu chimene ndidali nditaiŵala, chakuti mu Julayi 2011 maiko athu aŵiriŵa adalira maliro sabata imodzi. Pa 20 Julayi kuno kudali zionetsero zodandaula za kusoŵa kwa mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja, ndi za kayendetsedwe ka boma, ndipo anthu pafupifupi 20 adaphedwa, ambiri a iwo ku Mzuzu. Patangopita masiku aŵiri, pa 22 Julayi, munthu mmodzi ku Norway adaphulitsa bomba pa maofesi a boma mu Oslo, kenaka adakaombera achinyamata pa chilumba cha Utøya, ndipo onse ophedwa adakwana 77. Maiko onse aŵiri adakhazikitsa mabungwe ofufuza, ndipo malipoti onse aŵiri adatuluka mu 2012. Lathu lidapeza kuti apolisi adagwiritsa ntchito mphamvu zopyola muyeso. Lao, lotsogoleredwa ndi mai wina wodziŵa malamulo, Alexandra Bech Gjørv, lidatuluka pa 13 Ogasiti ndi nambala yake, NOU 2012:14, ndipo silidanyengerere boma limene lidalituma. Lidati bomba lija likadapeŵeka, chifukwa zidali zitagamulidwa kale zaka zingapo m'mbuyomo kuti mseu wodutsa pa maofesiwo utsekedwe, koma sudatsekedwe. Lidatinso apolisi akadatha kufika ku chilumbako msanga. Patangopita masiku ochepa mkulu wa apolisi a dziko lonselo adatula pansi udindo.

Ndidakondwera kumva kuti nawonso amadziŵa kuika chigamulo m'kabati nkuchiiŵala. Si angelo ai, ndi anthu monga ife. Kusiyana kwake mphwanga adakunena motere: "Atsibweni, kumeneko mwana wa sukulu akafuna lipoti la 22 Julayi amalipeza mphindi zisanu zisanathe. Nanga inu lathu la 20 Julayi mudaliwonako?" Ndidakhala chete, popeza ine amene ndimadzitama kuti ndimatsata nkhani, ndidangomva za ilo pa wailesi.

Ena aŵiri ndingoŵatchula mwachidule. Robert Chasowa, wophunzira wa pa Polytechnic, adapezeka atafa mu Sepitembala 2011, apolisi nanena kuti adadzipha. Bungwe lotsogoleredwa ndi woŵeruza Andrew Nyirenda lidapeza mu 2012 kuti adachita kuphedwa. Ndege imene idagwa ku Chikangawa pa 10 Juni 2024 idapha wachiŵiri kwa Pulezidenti, Dr. Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu, ndipo ambiri a ife tidaima m'mbali mwa mseu pamene thupi linkadutsa kupita ku Nsipe. Bungwe lofufuza lidakhazikitsidwa mu Okutobala, patapita miyezi inai, ndipo mu Disembala lidanena kuti ngoziyo idadza chifukwa cha nyengo yoipa ndi zolakwa za anthu, osati chiŵembu. Ambiri sadakhutire. Sindine katswiri wa ndege kuti nditsutse zimene adapeza. Ndingoona kuti miyezi inai yakudikira ndi munda wachonde wa mphekesera, ndipo mphekesera zikamera, ngakhale lipoti loona limavutika kuzizula.

Si zoona kuti mabungwe athu onse ndi a maliro. Apa ndidamunamiza pang'ono mphwanga. Tili nawo ofanana ndi utvalg weniweni. Mu 1996 kudakhazikitsidwa bungwe lofufuza za malamulo a malo. Lidapereka lipoti lake mu 1999, ndondomeko ya dziko ya malo idatuluka mu 2002, koma malamulo atsopano a malo adadutsa mu 2016, zaka 20 chikhazikitsire bungwelo. M'zaka zimenezo ana amene adabadwa bungwelo likuyamba adakula, nakwatira, nayamba kulimbirana timinda ta m'mapiri muno timene timagaŵidwa mbadwo uliwonse mpaka kutsala ngati mphasa. Chitsanzo china ndi cha malamulo a chisankho. Mu 2017 bungwe lapadera lounika malamulo, lotsogoleredwa ndi woŵeruza Anthony Kamanga, lidalangiza kuti wopambana pa mpando wa Pulezidenti azipeza mavoti oposa theka. Mu Disembala chaka chomwecho aphungu adakana. Chisankho cha Meyi 2019 chidabala miyezi ya zionetsero, masitolo kuthyoledwa ndi ana kujomba ku sukulu, kufikira pa 3 Febuluwale 2020 pamene khoti lidafafaniza chisankhocho chifukwa cha zolakwika zambiri, nkunenanso kuti malamulo athu amafuna mavoti oposa theka. Uphungu umene tidaukana uli pa pepala tidadzaulandira utadutsa m'moto.

Tsono kodi vuto lili pati? Ine ndiona kuti nthaŵi zambiri otumidwa athu amagwira ntchito yao. Amayenda, amafunsa, amalemba, ndipo ena mwa iwo amalemba mopanda mantha. Pamene timalephera ndi m'malo aŵiri, poyamba ndi potsiriza. Poyamba, posankha: liu lija likuti osankhidwa, ndipo funso nlakuti wasankha ndani, nanga wasankha yani. Ngati m'bungwe muli mbale wa wofufuzidwa, kapena munthu amene mpando wake udalira chimwemwe cha womtuma, khoswe wakhala pa mkhate, sapheka. Potsiriza, pobwerera ku bwalo: lipoti limaperekedwa pa mwambo, zithunzi nkujambulidwa, wailesi nkuŵerenga mitu yake tsiku limodzi, basi. Palibe miyezi itatu yakumva. Palibe tsiku loikika loti boma linene kuti uphungu uwu tautenga, uwu taukana pa chifukwa chakutichakuti. Kaŵirikaŵiri lipotilo limakhala m'Chingerezi chokhachokha, ndipo mai wa kwa Kaphuka kapena kwa Kachere amene mwana wake ndiye adaomberedwa sangaliŵerenge ngakhale atampatsa.

Koma ndisaloze boma lokha, pakuti matendaŵa ndidaŵaona pafupi. Zaka zapitazo, pa sukulu ina imene ndinkaphunzitsa, makolo adasonkha ndalama zogulira malata a chipinda chimodzi. Mvula idafika chipinda chili chosafolera, ndalama osaoneka. Pa msonkhano wa makolo anthu adakwiya kwambiri, ndipo adasankha anthu atatu kuti akafufuze, ine mmodzi wa iwo. Tidayenda milungu itatu, tidaona malisiti, tidafunsa wogulitsa malata ku boma, ndipo tidalemba masamba anai. Tidapereka kwa wapampando. Iye adatithokoza bwino lomwe nati adzaŵerenga pa msonkhano wotsatira. Msonkhano wotsatirawo udagwa nthaŵi yokumba mbatata, anthu adabwera ochepa, nkhani ya malata sidatchulidwe, ndipo ine amene ndidalemba ndi dzanja langa ndidakhala pamenepo osatsekula pakamwa. Ndinkadziuza kuti ntchito yanga ndidamaliza. Kunena zoona, ndinkaopa kudana ndi anthu amene ndinkapemphera nawo. Choipa china nchakuti mphunzitsi wina wachinyamata amene anthu ankamunong'oneza, ndipo kafukufuku wathu adamupeza wosalakwa, adachoka pa sukulupo dzina lake likadali lakuda.

Inu makolo, ndi inu anyamata ndi atsikana amene muli ndi mafoni m'manja, dziŵani kuti lero muli ndi chida chimene ife tidalibe mu 1983. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani zosungidwa ndi maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Mungathe kulemba kalata yopempha lipoti. Mungathe kufunsa phungu wanu, akabwera kudzapempha voti kapena kudzakhala nawo pa maliro, kuti uphungu wa bungwe lakutilakuti udafika pati. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndipo inu amene mwaphunzira, mukalipeza lipotilo, likhaleni pansi ndi agogo anu, muŵamasulire m'Chicheŵa tsamba ndi tsamba. Mudzadabwa kuona kuti iwo akudziŵa mbali zina za nkhaniyo zimene olembawo sadazimve. Chimodzimodzi m'makomiti athu a sukulu, a chitukuko ndi a mpingo: posankha anthu okafufuza kanthu, tchulani pomwepo tsiku limene adzaŵerenge zimene apeza, ndipo lilembedwe m'buku la msonkhano.

Mphwanga adagona kwathu usiku umenewo, ndipo m'maŵa ndidamperekeza pa siteji, nkhungu ikadali yokhuthala moti minibasi tidaimva isanaoneke. Pobwerera sindidaloŵere kunyumba. Ndidakwera njinga yakabaza kupita ku sukulu ija. Wapampando wakale adamwalira, mphunzitsi wamkulu ndi wina, mwana amene ndidamphunzitsa ndekha mu Sitandade 5. Nditamfotokozera chimene ndadzera, adatsekula kabati ya m'ngodya, ndipo titafufuza pafupifupi ola lathunthu pakati pa marejisitala akale, tidaŵapeza masamba anai aja. Chiswe chidadya m'mphepete ndi theka la tsamba lomaliza, koma ziŵerengero zonse zilipo, ndi mzere uja wonena kuti mphunzitsi wachinyamatayo sadakhudze ndalama. Ndamva kuti ali moyo, akuphunzitsa cha ku Golomoti. Ndamulembera kalata, ndipo komiti yavomera kuti masambawo aŵerengedwe pa msonkhano wa makolo wa teremu ikudzayi. Andipempha kuti woŵerenga ndikhale ine.